Kodi Malasha a Mwala Adzatha Liti pa Dziko Lapansi?

Malasha a mwala amene akali pansi pa nthaka, amene akatswiri atsimikiza kuti angathe kukumbidwa mwaphindu, akwana matani 1,074 biliyoni pa dziko lonse lapansi. Ciwerengero ici ndi ca kumapeto kwa caka ca 2020, ndipo cinafalitsidwa mu 2021 m'lipoti la pacaka la kampani ya mafuta ya BP. Lipotilo linanena kuti ngati maiko angapitirize kukumba pa mlingo wa caka cimeneco, malasha amenewa angatenge zaka 139 asanathe. Mafuta okumbidwa pansi anapatsidwa zaka zopitirira pang'ono 50, pamene gasi anapatsidwa zaka zosakwana 50.

Womva ciwerengero ici angaganize kuti nkhani yatha, ndipo kuti ana ndi adzukulu sadzasowa malasha. Koma zaka 139 si lonjezo. Ciwerengeroci cakhala cikukwera ndi kutsika, ndipo maiko ena amene kale anali kudzitama ndi malasha ambiri anatseka migodi yao malasha akali pansi. Pofuna kumvetsa nkhaniyi, mpofunika kudziwa kumene malashawa ali, m'mene zaka zimenezi zimawerengedwera, ndiponso zimene zingacititse kuti anthu aleke kuwakumba asanathe.

Malasha a mwala n'ciani?

Malasha amene akukambidwa pano si aja ootcha ku mitengo amene amagulitsidwa m'masaka m'mbali mwa misewu. Awa ndi mwala wakuda umene umayaka moto, wokumbidwa m'migodi monga ya ku Maamba. Nawonso anacokera ku zomera, koma zomera za makedzana zimene zinagwera m'madambo, kukwiririka ndi matope ndi mcenga, ndi kupanikizidwa ndi kulemera kwa nthaka pamodzi ndi kutentha kwa pansi kwa zaka mamiliyoni ambiri. Malasha ambiri a ku Ulaya ndi a kum'mawa kwa America anapangika zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, pamene a kum'mwera kwa Africa anapangika zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo. Ici ndico cifukwa cake malasha amene atenthedwa lero sangabwezeretsedwe. Mtengo wodulidwa umaphuka, koma mgodi wogugidwa subalanso.

Malasha sali a mtundu umodzi. Pali ofewa a mtundu wofiirira ochedwa lignite, amene ali ndi madzi ambiri ndipo moto wake ndi wocepa mphamvu. Pali akuda ochedwa bituminous, amene ndiwo amagwiritsidwa nchito kwambiri, ndipo pali olimba koposa ochedwa anthracite, amene amapezeka m'malo owerengeka. Tani imodzi ya malasha akuda abwino ingathe kupereka mphamvu zowirikiza kawiri kapena kuposapo poyerekeza ndi tani imodzi ya lignite. Cotero kuwerenga matani okha sikuuza munthu zonse.

Nchito yaikulu ya malasha ndi kupanga magetsi. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse a pa dziko lapansi limacokera ku malasha. Nchito yaciwiri ndi kusungunula nsimbi: pafupifupi 70 peresenti ya nsimbi yolimba imene imapangidwa pa dziko lapansi imadutsa m'ng'anjo zodalira malasha. Mafakitale a simenti nawonso amatentha malasha oculuka.

Maiko asanu ali ndi gawo lalikulu

Ngakhale kuti malasha amapezeka m'maiko ambiri, cuma cimeneci sicinagawidwe mofanana. Malinga ndi ziwerengero za kumapeto kwa 2020, dziko la America linali patsogolo ndi matani pafupifupi 249 biliyoni, amene ndi 23 peresenti ya malasha onse otsimikizika. Russia inali ndi 15 peresenti, Australia 14 peresenti, China 13 peresenti, ndipo India inali ndi 10 peresenti. Maiko asanu amenewa okha ali ndi magawo atatu mwa magawo anai alionse a malasha a pa dziko lapansi. Pambuyo pao pakubwera Germany, Indonesia, Ukraine, Poland ndi Kazakhstan, lililonse ndi matani a pakati pa 25 ndi 36 biliyoni.

Africa yonse ili ndi gawo locepa kwambiri pa mndandanda umenewu. Dziko la South Africa, limene ndilo limakumba malasha ambiri m'Africa, linalembedwa ndi matani pafupifupi 10 biliyoni, osakwana 1 peresenti ya dziko lonse lapansi.

Cinthu cina cofunika kucidziwa ndi cakuti dziko lokhala ndi malasha ambiri si ndilo limakumba ambiri. China yokha imakumba pafupifupi theka la malasha onse okumbidwa pa dziko lapansi, matani oposa 4.5 biliyoni pa caka, pamene India inafika pa matani 1 biliyoni mu 2024. N'cifukwa cake zaka zotsala zimasiyana kwambiri dziko ndi dziko. Pa mlingo wa 2020, malasha a America akanatenga zaka zoposa 500, a Russia zoposa 400, a Australia zoposa 300, a India pafupifupi 150, koma a China zaka 37 zokha, ndipo a South Africa zaka 40. Apa zionekeratu kuti ciwerengero cimodzi ca dziko lonse cimabisa zambiri, pakuti kumene malasha akufunika kwambiri ndi kumene angayambe kucepa.

M'mene zaka zimawerengedwera

Masamu ake ndi apafupi. Akatswiri amatenga malasha onse otsimikizika ndi kuwagawa ndi malasha okumbidwa m'caka cimodzi. Zili ngati banja limene lili ndi masaka 24 a cimanga m'nkhokwe, ndipo limadya masaka awiri pa mwezi. Banjalo linganene kuti lili ndi cakudya ca miyezi 12. Koma acibale akabwera kudzakhala pakhomopo, miyeziyo imacepa. Anankafumbwe akalowa m'nkhokwe, imacepanso. Banjalo likapeza masaka ena amene linaiwala kuwawerenga, miyeziyo imaculuka.

Ndi mmene zakhalira ndi malasha. M'caka ca 2000 malipoti anali kunena za zaka zoposa 200. Pofika 2012 ciwerengeroco cinali citatsika kufika pa zaka pafupifupi 110, osati cifukwa cakuti theka la malasha linatha m'zaka 12, koma cifukwa cakuti China inali kumanga mizinda, misewu ndi mafakitale mwa liwiro losaneneka, ndipo kukumba kunakwera kwambiri. Pambuyo pake ciwerengeroco cinakweranso maiko ena atawerenganso cuma cao.

Ngakhale zaka 139 zija zili ndi pobisalira. Caka ca 2020 cinali ca mliri wa Covid-19, pamene mafakitale ambiri anaima ndipo kukumba kunatsika. Kucokera nthawi imeneyo kukumba kwakweranso, ndipo mu 2024 kunafika pa matani pafupifupi 9 biliyoni, kuwirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi caka ca 2000. Kugawa matani 1,074 biliyoni ndi 9 biliyoni kumapereka zaka pafupifupi 120. Ndipo ngati kukumba kungamakwere ndi 2 peresenti yokha caka ciliconse, malasha omwewo angathe m'zaka pafupifupi 60. Koma ngati kungayambe kutsika, zakazo zingapitirire 200 kaciwirinso.

Malasha opezeka ndi malasha okumbika

Akatswiri a za miyala amasiyanitsa zinthu ziwiri. Coyamba ndi malasha onse amene akudziwika kapena kuganiziridwa kuti ali pansi, kaya ali kuya motani. Amenewa ndi oculuka kuwirikiza koposa khumi poyerekeza ndi matani 1,074 biliyoni aja. Caciwiri ndi gawo lokhalo limene lapimidwa bwino ndipo lingathe kukumbidwa ndi makina amene alipo, pa mtengo umene ungabweretse phindu. Gawo laciwirili ndilo limagwiritsidwa nchito powerenga zaka.

Ici citanthauza kuti malire a pakati pa ziwirizi amasuntha. Mtengo wa malasha ukakwera, kapena njanji ikafika kumalo kumene kunalibe, malasha amene anali osafikirika amalowa m'ciwerengero. Mtengo ukatsika, kapena mgodi ukazama kwambiri kotero kuti ndalama zopopera madzi ndi kulowetsa mpweya ziposa phindu, malashawo amacotsedwa m'mabuku ngakhale kuti palibe amene wawakhudza.

Citsanzo cochuka ndi ca Germany. Kwa zaka zambiri dzikolo linali kulembedwa ndi matani 23 biliyoni a malasha akuda. Mu 2004 ciwerengero cimeneci cinatsitsidwa kufika pansi pa matani 200 miliyoni. Malashawo sanapite kulikonse, koma anali akuya kwambiri ndipo kuwakumba kunali kodula kuposa kuwagula kunja. Mgodi womaliza wa malasha akuda m'dzikolo, wa Prosper-Haniel mumzinda wa Bottrop, unatsekedwa mu December 2018. Malasha amene Germany ikali kuwerengedwa nao lero ndi aja ofewa a lignite. South Africa nayonso inali kulembedwa ndi matani oposa 40 biliyoni m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ciwerengeroco cisanatsitsidwe.

Cinanso ndi cakuti migodi imayamba ndi malasha apamwamba, okhuthala ndi oyandikira njanji. Otsalira amakhala akuya, opyapyala, a phulusa lambiri kapena akutali. Cotero zaka zomaliza za mgodi sizifanana ndi zoyamba: nchito imakula, ngozi zimaculuka, ndipo phindu limacepa.

Zimene zinacitikira Britain

Mantha akuti malasha adzatha si a lero. Mu 1865 katswiri wa zacuma wa ku Britain, William Stanley Jevons, analemba buku lochedwa The Coal Question, m'mene anacenjeza kuti ulemerero wa dziko lake unali utakhazikika pa malasha ochipa, ndipo kuti migodi ikamazama mtengo udzakwera ndipo maiko ena adzapitirira Britain. Anaonanso cinthu cimene cikali coona mpaka lero: makina akayamba kudya malasha ocepa, anthu sacepetsa kugwiritsa nchito malasha, koma amagula makina ambiri, ndipo malasha otenthedwa onse pamodzi amaculuka.

Kukumba kwa Britain kunafika pacimake mu 1913 ndi matani pafupifupi 290 miliyoni, ndipo mu 1920 anthu oposa 1 miliyoni anali kugwira nchito m'migodi ya malasha. Kucokera pamenepo kunayamba kutsika pang'onopang'ono. Mgodi womaliza wakuya, wa Kellingley, unatsekedwa mu December 2015, ndipo malo omaliza opangira magetsi ndi malasha, a Ratcliffe-on-Soar, anazimitsidwa pa 30 September 2024. Malasha akali pansi pa nthaka ya Britain, koma dzikolo linapeza gasi, mphepo ndi njira zina zochipa ndi zaukhondo.

America, mwini wa malasha oculuka koposa, ikuyenda njira yofananako. Kukumba kwake kunafika pacimake mu 2008, ndipo pofika 2023 kunali kutatsika ndi theka. Mu 2005 pafupifupi theka la magetsi a dzikolo linali kucokera ku malasha, koma mu 2023 gawolo linali litatsika kufika pa 16 peresenti, makamaka cifukwa ca gasi wochipa.

Komabe nkhani ya Ulaya ndi America si nkhani ya dziko lonse. Ku Asia malasha akali msana wa cuma. Ndipo nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, gasi atasowa ku Ulaya, mtengo wa malasha pa doko la Newcastle ku Australia unapitirira madola 400 a ku America pa tani, ndipo maiko ena a ku Ulaya anayatsanso malo opangira magetsi amene anali atawaika pambali. Pa nthawi ya bvuto, maboma amathamangira ku cimene cili pafupi.

Malire ena ali kumwamba

Funso lalikulu lero silili pansi pa nthaka pokha. Tani imodzi ya malasha akuda ikatenthedwa imatulutsa matani oposa awiri a mpweya wa carbon dioxide, umene umasunga kutentha m'mlengalenga ndi kusokoneza nyengo. Malasha okha amatulutsa pafupifupi 40 peresenti ya mpweya umenewu wocokera ku mafuta, gasi ndi malasha onse pamodzi. Utsi wake ulinso ndi fumbi ndi mipweya ina imene imadwalitsa anthu matenda a m'cifuwa.

Pa pangano la ku Paris la 2015 maiko anagwirizana kuti kutentha kwa dziko lapansi kusakwere kufika pa madigiri 2, ndipo ngati n'kotheka kusapitirire 1.5. M'caka comweco ofufuza a pa University College London anapeza kuti pofuna kusunga malire a madigiri 2, malasha oposa 80 peresenti mwa otsimikizika afunika kusiyidwa pansi. Kafukufuku wina wa pa sukulu yomweyo, wa mu 2021, anati pa malire a 1.5 gawolo lifika pafupifupi 90 peresenti. Mwacidule, mlengalenga ungadzale kale migodi isanagugidwe.

Pa msonkhano wa za nyengo wa ku Glasgow mu 2021, kwa nthawi yoyamba malasha anachulidwa ndi dzina m'cigwirizano ca maiko. Koma pomaliza India ndi China anakana mau akuti malasha asiyidwe kotheratu, ndipo kunalembedwa kuti acepetsedwe. M'caka comweco mtsogoleri wa China, Xi Jinping, analengeza ku bungwe la United Nations kuti dziko lake lileka kumanga malo atsopano opangira magetsi ndi malasha m'maiko akunja. Mabanki ambiri akuluakulu nawonso analeka kukongoza ndalama za nchito zotere. Kwa maiko osauka amene ali ndi malasha, ici citanthauza kuti cuma cingakhalepo pansi koma ndalama zocikumbira n'kusowa.

Kumene Zambia ndi maiko oyandikana nayo aima

Nkhaniyi si yacilendo kuno. Dziko la Zambia lisanalandire ufulu, ndiponso m'zaka zoyamba za ufuluwo, migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt inali kudalira malasha a ku Wankie, kumene lero kuchedwa Hwange, obwera pa njanji kudzera pa mlatho wa Victoria Falls. Boma la Ian Smith litalengeza ufulu wosabvomerezeka ku Rhodesia mu November 1965, njira imeneyi inakhala yosadalirika, ndipo Zambia inakakamizika kukumba malasha ake m'cigwa ca Gwembe, poyamba ku Nkandabwe ndipo kenaka ku Maamba m'boma la Sinazongwe. Phunziro la nthawi imeneyo linali lakuti malasha angakhale oculuka pa dziko lapansi koma n'kusowa pakhomo.

Mu 2016 ku Maamba kunayamba kugwira nchito malo opangira magetsi ndi malasha a mamegawati 300. Kufunika kwake kunaoneka poyera mu 2024. Magetsi oposa 80 peresenti a dziko lino amacokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi Kafue Gorge, ndipo cilala ca caka cimeneco, cimene mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse mu February, cinaphwetsa madamu kotero kuti m'madera ambiri magetsi anali kuzima kwa maola oposa 20 pa tsiku. Zigayo, malo ometera tsitsi, owotcherera nsimbi ndi ogulitsa nyama anaima nchito. M'caka comweco nchito yomanga gawo laciwiri la Maamba, la mamegawati 300 ena, inakhazikitsidwa.

Maiko oyandikana nawo ali pa njira yomweyo. Zimbabwe inaonjezera mamegawati 600 ku Hwange mu 2023. Botswana imadalira malasha a ku Morupule. Ku Moatize, m'cigawo ca Tete ku Mozambique, kuli malasha osungunulira nsimbi amene amatumizidwa kunja pa njanji yodutsa m'Malawi kupita ku doko la Nacala. South Africa imapanga pafupifupi magawo anai mwa asanu a magetsi ake ndi malasha, imatumiza ena kunja kudzera ku Richards Bay, ndipo ku Secunda kampani ya Sasol imasandutsa malasha kukhala mafuta a galimoto.

Apa ndi pamene pagona bvuto. Kusintha kwa nyengo kumene malasha akuthandiza kubweretsa ndiko kukucititsa kuti zilala zikhale zoopsa, ndipo zilala zomwezo ndizo zikukankhira maiko odalira madzi kubwerera ku malasha. Africa yonse imatulutsa mpweya wosakwana 4 peresenti ya carbon dioxide wa dziko lapansi, ndipo atsogoleri ambiri a m'Africa akhala akunena kuti maiko amene analemera ndi malasha sangaletse osauka kuyatsa nyali zao popanda kuwathandiza ndi ndalama zomangira njira zina. Mbali inayi, malo opangira magetsi ndi malasha amamangidwa kuti agwire nchito zaka 40 kapena kuposapo, pamene mtengo wa makina opanga magetsi ndi dzuwa unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020. Boma limene likongola ndalama lero kuti limange malo a malasha liyenera kudzifunsa ngati magetsi ake adzapeza ogula ngongoleyo isanathe.

Yankho la funso

Pa mlingo wa kukumba wa zaka zaposacedwa, malasha otsimikizika angakwanire zaka zoposa 100, ndipo pansi pa nthaka pali ena oculuka amene sanawerengedwe. Palibe munthu wamoyo lero amene adzaona tsiku limene tani yomaliza idzatuluka mumgodi. Koma China, Indonesia ndi South Africa angayambe kuona kucepa kwa malasha abwino ndi ochipa m'zaka makumi owerengeka, ndipo cifukwa cakuti China imatentha malasha oposa theka la onse, kusintha kulikonse kumeneko kudzagwedeza mitengo kulikonse.

Mbiri ya Britain ndi Germany ionetsa kuti migodi ya malasha imatsekedwa pamene kukumba kwadula kuposa njira zina, osati pamene mwala wakuda watheratu. Kwa anthu a ku Sinazongwe, Hwange ndi Moatize, amene nchito zao, masukulu ndi misika zadalira migodi, zaka zofunika kuziwerenga si 139 za m'lipoti, koma zaka zimene ogula adzapitirize kubwera, ndi zimene maboma ao adzakhale atakonza pofika nthawi imeneyo.